Mmene ndinalawira vinyo wa Pinotage ndi nyama ya mbuzi

Vinyo wofiira amene ogulitsa amamutcha dry ndi uja amene shuga wa mphesa wake anatha pafupifupi yense pofufumitsa, kotero kuti munthu wozolowera zakumwa zotsekemera amakwinya nkhope akangolawa koyamba. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku limene ndinaganiza zotsegula botolo la Pinotage limene ndinabwera nalo kuchokera ku Stellenbosch, n'kulilawa mwadongosolo pamodzi ndi chakudya chathu cha masiku onse. Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko. Mu 1925, Abraham Izak Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, mphesa imene alimi a kumeneko ankaitcha Hermitage, ndipo dzina lakuti Pinotage linachokera ku mayina a Pinot ndi Hermitage.

Ndinayamba ndi kuziziritsa botolo. Anthu ambiri amati vinyo wofiira salowa m'firiji, koma mawu amenewa ndi oyenera nyumba zozizira za ku Ulaya, osati kutentha kwa mwezi wa October kwathu kuno. Vinyoyu amakoma akakhala pakati pa madigiri 16 ndi 18, choncho ndinaliika m'firiji kwa mphindi 20, ndipo nditatsegula ndinalisiya kanthawi kuti lipume.

Ndinathira pang'ono m'galasi, osafika ngakhale theka, n'kulipendeketsa pamwamba pa nsalu yoyera ya patebulo. Pakati vinyoyo anali woderapo kwambiri, pamene m'mphepete anali ndi mtundu wa nthudza zakupsa, chizindikiro chakuti sanakhalitse zaka zambiri. Nditazunguza galasi n'kununkhiza, ndinamva fungo la zipatso zakupsa ndi kautsi pang'ono, konga ka pamalo pamene pangozimitsidwa moto wa nkhuni.

Polawa m'pamene pafunika kudekha. Ndinamwa pang'ono kwambiri, n'kumuyendetsa m'kamwa monse ndisanameze, ndipo ndinayesetsa kusiyanitsa zinthu zitatu zimene poyamba ndinkangozitcha kuwawa. Kuwawasa kumamveka m'mbali mwa lilime ndipo kumabweretsa malovu. Kutentha kwa mowa kumamveka kummero. Chachitatu, chimene chimabweza anthu ambiri, ndi kuuma kwa nkhama ndi lilime, monga zimakhalira ukaluma nthochi yosapsa kapena ukamwa tiyi wa masamba ochuluka wopanda mkaka. Kuumaku kumachokera ku tannin, amene amatuluka m'makungu ndi m'njere za mphesa, ndipo amagwira malovu n'kusiya m'kamwa muli gwa. Pa vinyo yekha, kunena zoona, sindinasangalale nako.

Kenako ndinatenga nthuli ya mbuzi yootcha pamakala, yothira mchere wokha, yokhala ndi kamafuta m'mphepete. Nditatafuna n'kumwera vinyo uja, kuuma konse kunafewa, chifukwa tannin anapeza nyama ndi mafuta zoti agwire m'malo mwa lilime langa, ndipo kukoma kwa zipatso kumene kunabisala kunatulukira poyera. Vinyonso anatsuka mafuta m'kamwa, moti nthuli yachiwiri inakoma ngati yoyamba. Nsima sinasinthe kanthu, koma inathandiza kupumitsa m'kamwa, ndipo msuzi wa tomato ndi anyezi unagwirizana bwino ndi kuwawasa kuja.

Zinthu ziwiri sizinayende. Nditanyenyera tsabola wa kambuzi pa nyama, vinyo anatentha kummero kuposa kale ndipo kukoma kwake kunasowa, pakuti mowa umakoleza ukali wa tsabola. Ndinayesanso kachidutswa ka chambo chokazinga, koma m'kamwa munatsala kukoma ngati kwa chitsulo, ndipo ndinaona kuti nsomba yabwino chotere ndikungoiwononga. Chambo chimafuna vinyo woyera wozizira bwino.

Mlamu wanga, amene anali atakankhira galasi lake kutali atalawa koyamba, ndinamupempha kuti, “Alamu, tayambani mwatafuna nyamayi, kenako mumwere.” Anachita zomwezo mwakachetechete, ndipo patapita kanthawi anakokera galasi lija pafupi ndi mbale yake. Vinyo wotsala ndinamutseka bwino n'kumuika m'firiji, popeza botolo lotsegula limasungika masiku awiri kapena atatu okha lisanayambe kusasa, ndipo mawa lake ndinamuthira mumphika wa nyama ya ng'ombe.