Anandipatsa mpata, ine ndinaukana

Tulo sitikubwera, ndiye ndangoti ndilembe. Nkhope ya bambo uja wa galimoto yoyera ikungondibwerera m'maso, makamaka mmene anatambasulira manja pawindo ngati akufunsa kuti kodi iwe mutu wako ukugwira?

Zachitika madzulo ano pamphambano pamene kamsewu kakang'ono kamakumana ndi msewu waukulu, nthawi yoti aliyense akuweruka. Msewu waukuluwo uli ndi maleni awiri mbali iliyonse, ndipo ine ndimafuna kudutsa awiri oyandikirawo kuti ndikalowe mbali inayo. Ndinaima pamzere, indiketa ikuphethira, amalume ali pambali panga. Galimoto zinangoti ndondondo osaduka. Kenaka bambo uja, yemwe anali mu leni yoyamba, anaponda buleki n'kuima, n'kundiphethirira magetsi kawiri. Kumbuyo kwake kunali basi yaitali, moti leni yachiwiri sindimaiona ngakhale pang'ono. Phazi linafuna kuchoka pa buleki, mtima unakana. Anaphethiranso. Kumbuyo kwanga hutala inalira, ina n'kuyankha. Bambo uja anatsitsa galasi.

“Achimwene, lowanitu! Kapena mukufuna ndichite kukunyamulani?”

Ndinangomuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anapukusa mutu n'kuponda moto, basi ija n'kumutsatira. Ndipo chimene chikundiwawa mpaka pano ndi ichi: basi itachoka, mu leni yachiwiri munalibe kanthu. Ngakhale njinga. Ndikanadutsa bwinobwino, aliyense akanakondwa.

Tinayenda kamtunda osalankhulana. Amalume anayendetsa malole akuluakulu zaka zambiri asanapume, ndipo akakhala chete m'galimoto ya munthu wina ndiye kuti akusunga mawu. Ndinayamba ndine.

“Mwaona amalume, ndachita manyazi pachabe. Munalibe galimoto mmuja.”

“Zoti munalibe galimoto wazidziwa liti, mphwanga?”

“Basi itadutsa.”

“Eya. Nanga uja anakupatsa leni ya ndani? Yake. Ya mnzakeyo anaitenga kuti kuti akugawire?”

Ndiye anayamba kundiwerengera pazala. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaona mphuno ya galimoto yako ikutulukira kuseri kwa basi, sekondi imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Wa njinga yamoto ndiye usanene, chifukwa amakonda kudutsa mmene anzake aima. Anatinso chimene ankadana nacho kwambiri ali pa lole sanali madalaivala amwano ayi, koma achifundo, aja ongoima mwadzidzidzi pakati pa msewu waukulu kuti wina alowe, osaganiza kuti kumbuyo kwawo kuli chinthu cholemera chomwe sichiima ngati kagalimoto. Wamwano umadziwiratu chimene achite. Wachifundo amakudzidzimutsa.

Apa ndinayamba kudzimva bwino pang'ono, ndivomere. Nditafika kunyumba ndinakafufuzanso, ndipo buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, likunena zomwezo pa lamulo 110 ndi 111: magetsi uphethire pongodziwitsa anzako kuti ulipo, ndipo wina akakuphethirira usatenge ngati wakuitana kuti udutse. Amene akuchokera m'kamsewu ndiye amadikira, ndi ntchito ya chikwangwani chija cha makona atatu choloza pansi. Anachizondotsa dala kuti ngakhale wochiona kumbuyo achizindikire, ndipo chili m'pangano la zikwangwani za pamsewu lomwe maiko anasainirana ku Vienna mu 1968. Pamalamulo ndinalibe mlandu.

Koma ndadumphira kutsogolo. Tikadali m'galimoto, amalume sanandilole kusangalala nthawi yaitali.

“Koma iwenso uli ndi vuto. Mpata wopatsidwa ukukana, kupereka ukukananso. Mmawa paja unatani?”

Mmawa tinadutsa pomwe akukonza msewu, leni imodzi atatseka. Ine ndinalowa mumzere kutali, chikwangwani nditangochiona, monga munthu woleredwa bwino. Mnyamata wina anangoyenda mu leni yotsekedwayo mpaka pamapeto penipeni, n'kuyatsa indiketa pafupi ndi ine. Ndinamatirira bampala ya galimoto yakutsogolo, maso ali patsogolo ngati sindikumuona. Anthu olumpha mzere ndimadana nawo kuyambira ndili mwana, kaya ndi kubanki kaya kuchipatala, ndipo sindibisa kuti mtima unakoma pamene ndinamutsekera.

Amalume akuti mnyamatayo sanalumphe mzere uliwonse. Galimoto zikachuluka n'kumayenda pang'onopang'ono, maleni onse awiri ayenera kudzaza mpaka potsekapo, kenaka n'kumalowa mosinthana, uyu kenaka uyu, ngati mano a zipi. Tonse tikathamangira leni imodzi kutali, mzere umatalika kawiri n'kukatseka mphambano zakumbuyo, pamene theka la msewu likungokhala. Ndinatsutsa. Ndinati amenewo ndi maganizo a anthu ochenjera pofuna kudzikhululukira. Koma ndapeza kuti ku Germany limeneli ndi lamulo lolembedwa, ndipo ku Belgium analikhazikitsa mu 2014. Kumeneko wolakwa mmawa uja ndikanakhala ine. Mutu wavomera, koma mtima ukadali kunena kuti mnyamata uja ndi wakuba.

Mwina n'kutopa chabe. Sabata ino chilichonse chikundipsetsa mtima, ngakhale chitseko cha bafa chomwe chimalira. Ndaonerapo kanema wa kafukufuku wina wa ku Japan, wofalitsidwa mu 2008, pomwe anaika galimoto 22 pa msewu wozungulira wa mamita 230 n'kuuza madalaivala kuti azingoyenda liwiro limodzi. Panalibe mphambano, panalibe chotchinga, koma posakhalitsa galimoto zinayamba kuunjikana n'kumaima, chifukwa mmodzi akachepetsa pang'ono wakumbuyo amachepetsa kwambiri, ndipo kuimako kumayenda chobwerera m'mbuyo. Ndiye ndikuganiza za anthu onse amene anaponda buleki kumbuyo kwa basi ija, ena ali kutali osadziwa n'chifukwa chake. Anaimitsidwa kuti ine ndidutse, ine osadutsa.

Chimene amalume sananene, koma ndikudziwa kuti anachiona, n'choti sindinakweze dzanja. Ndikanatha kumuthokoza bamboyo n'kumukodola kuti apitirize, kapena kuloza basi ija kuti amvetse. Masekondi awiri okha. M'malo mwake ndinauma ngati chitsa. Iye wapita kwawo akudziwa kuti anachitira chifundo munthu wosayamika, ndipo mawa wina akadzaima pamphambano paja ndi indiketa, mwina adzangoyang'ana kutsogolo ngati mmene ndinachitira ine mmawa. Kapena amalume anganene kuti zimenezo ndiye zabwino, asiye kuima pakati pa msewu. Sindinawafunse, ndipo pano agona, mkonono ukumveka mpaka kuno.

Mawa ndidutsanso pomwepo nthawi yomweyo. Galimoto zoyera ndi zambiri, nambala sindinaione.