Lipoti la Ulendo wa ku York ndi ku Lincoln Wofufuza Magwero a Chidani pa Ayuda

Gulu lathu la Amalawi okhala ku England linapita ku York ndi ku Lincoln pofuna kumvetsa kumene chidani cha anthu pa Ayuda chinachokera, zaka mazanamazana chipani cha Nazi cha ku Germany, chimene chinapha Ayuda ambirimbiri, chisanabadwe.

Tinayambira pa Clifford's Tower, nsanja imene ili pakachitunda mumzinda wa York. Pa 16 March 1190, Ayuda pafupifupi 150 anazingidwa ndi chikhamu cha anthu olusa m'nsanja yamatabwa imene inali pamalopa. Ambiri anasankha kudzipha kusiyana n'kubatizidwa mokakamizidwa, ndipo amene anatuluka atalonjezedwa chifundo anaphedwa pomwepo. Chimene tinachikambirana nthawi yaitali ndi zomwe zinatsatira. Atsogoleri a chipwirikiticho, kuphatikizapo Richard Malebisse, anali ndi ngongole zikuluzikulu kwa Ayuda, ndipo atangotsiriza kupha anathamangira ku tchalitchi cha York Minster kukatentha makalata a ngongolezo amene ankasungidwa kumeneko. Masiku amenewo Mpingo unkaletsa Akhristu kuchita katapila, pamene mafumu ankalola Ayuda kubwereketsa ndalama, kenaka n'kumawadula misonkho yaikulu. Motero wangongole ankakwiyira Myuda amene ankamuona ndi maso, osati mfumu imene inkadyerapo phindu ili patali. M'kuona kwanga, pakamwa pa anthuwa panali nkhani ya chipembedzo, koma chimene chinkawasowetsa tulo inali ngongole.

Ku Lincoln tinaona mbali ina, ya mantha ndi mphekesera. M'chaka cha 1255 mtembo wa mnyamata wotchedwa Hugh unapezeka m'chitsime, ndipo anthu ananamizira Ayuda kuti anamupha pa mwambo wawo, bodza limene linayambira ku Norwich mu 1144. Mfumu Henry III inavomereza bodzali ndipo Ayuda 19 ananyongedwa. Mayi wina wa m'gulu lathu, wochokera ku Mulanje, anatikumbutsa mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa mu 2017, ndipo palibe anatsutsa kuti kaganizidwe kake n'kofanana, popeza tsoka likagwa mtima wa munthu umafunafuna womuloza chala, ndipo amene amalozedwa msanga ndi mlendo wopanda womuikira kumbuyo. M'tchalitchi chachikulu cha mumzindawu muli chikwangwani chovomereza kuti nkhani ya Hugh inali yabodza. Mu 1290 Mfumu Edward I inathamangitsa Ayuda onse mu England.

Pobwerera m'basi munabuka mtsutso pa mawu amene ambirife tinakula tikuwamva m'maulaliki a Lachisanu Loyera, akuti Ayuda ndiwo anapha Yesu. Ena anati ndi mmene Malemba akunenera, ena anakumbutsa kuti Yesu ndi ophunzira ake anali Ayuda, kuti chilango chopachika pamtanda chinali cha Aroma, komanso kuti Mpingo wa Katolika unakana mu 1965 kuimba mlanduwu mtundu wonse. Sitinagwirizane chimodzi, choncho komiti yaika nkhaniyi pa zokambirana za msonkhano ukubwerawu.