Tiana ta chambo pamchenga

Lachitatu lapitali ndinagwada pamchenga n'kumatola tiana ta chambo ndi manja ngati wotola mpunga wotayika, ndipo mtima sunakhalebe m'malo mpaka lero.

Uthenga unatipeza ife a ofesi ya zausodzi Lolemba kuchokera kwa a komiti yoyang'anira usodzi padoko lina kuno ku Mangochi, woti anthu akukoka khoka usiku, chikhalirecho ino ndi nyengo yotseka, yoletsa kukoka khoka, Novembala ndi Disembala. Boti tili nalo, koma mafuta ayi. Ndinaimbira abwana, yankho lake lomwe lija: "Tikudikira ndalama, lembani kalata." Kalata ndinalemba. Lachiwiri linathera pa mafomu ndi kuyeza usipa, ndi sikelo yomwe timachita kuimenya kaye kuti iloze. Lachitatu m'bandakucha ndinakwera kabaza ndi ndalama ya m'thumba mwanga.

Ndinapeza khoka lili kale kumtunda. Kuthumba kwake anasokererako neti ya udzudzu, moti ngakhale kachinthu kochepa ngati njere sikakanapulumuka. Munali kasawala (chambo chaching'ono chosakhwima) wambirimbiri ndi chambo chachikazi chotupa kukhosi. Anzanga a ntchito ino mukudziwa tanthauzo la kutupako. Chambo chachimuna chimakonza chisa chonga mbale pamchenga wa pansi pa madzi, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatolera m'kamwa, ndipo chimakhala milungu ingapo osadya kwenikweni, chikuwafungatira. Ngakhale ataswa, tiana tikaona choopsa timathawira m'kamwa mwa mayi. Nzeru imeneyi imateteza ana kwa ncheni ndi nsomba zina zolusa, koma kwa khoka imasanduka msampha: ukagwira mayi mmodzi wapha mbumba yonse. Nsombazo zikuphiriphitha zinkalavula ana pamchenga, ena akadali ndi kathumba ka dzira kumimba. Tomwe ndinatola ndinatiponya m'madzi, ngakhale ndinkadziwa kuti popanda mayi sitifika madzulo.

Mwini khokalo, bambo wachikulire, sanathawe. Ndinati, "Bambo, inu mwakulira panyanja pano, zimene mwachitazi simukuzidziwa?" Iwo anati, "Mwana wanga, ndikuzidziwa kuposa iwe. Koma alovi ondikokera khokawa adya chiyani? Ndipo mabwato akuluakulu a injini aja akamakokola usiku pafupi ndi gombe, mumakhala kuti?" Ndinasowa poyambira, chifukwa n'zoona kuti sitipezekako. Ukonde tinaulanda pamodzi ndi a komiti, nkhani ili kwa amfumu.

Mkwiyo wanga suli pa bambo aja okha. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Ndipo khoka silipha nsomba zokha. Limasalaza zisa, limazula udzu wa m'madzi momwe kasawala amabisala. Anthu amati nyanja ndi yaikulu, nsomba sizingathe. Inde, nyanja ya Malawi kumpoto imazama pafupifupi mamita 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Moyo wonse uli pamwamba ndi m'mbali, ndipo poswerana chambo ndi pomwe pano, posaya, pomwe aliyense wa chingwe amafikapo. Miyezi iwiri yokha pachaka ndi imene timapempha kuti malowa apume, ndiye miyezi yomweyo n'kukhala yopanda mafuta? Ndalama ya misonkhano ya m'mahotela siisowa. Chaka chino ndakhalapo pa itatu, yonse yokamba za kuteteza chambo.

Lachinayi ndinalemba lipoti, Lachisanu tinakumana ndi makomiti a madoko awiri, ndipo amayi ogulitsa nsomba anadandaula kuti chambo chenicheni chakwera mtengo moti ana awo sakuchidziwa kukoma. Mafuta afika Loweruka masana, okwana ulendo umodzi. Tinyamuka mawa usiku, ndipo ndapempha kuti tiyambire kumene kumakokola mabwato a injini kuja.