Kompyuta yanga ya XP yakana kupatsa Java 2 GB

Loweruka ndinabwereranso ku kompyuta yakale ija ya Windows XP, ya 32-bit. Ndinali nditaiwonjezera RAM kufika 4 GB, ndiye ndinati lero kapulogalamu kanga ka Java kapeza popumira. Ndinalemba -Xmx2048m, lamulo lopatsa Java heap ya 2 GB (heap ndi memori yomwe pulogalamu imasungamo zinthu zake), kudina Enter, pompo uthenga uja: "Could not reserve enough space for object heap". Ndinatsitsa kufika 1800m, chimodzimodzi. Java inadzuka nditafika pa 1400m.

Poyamba ndinakayikira RAM yatsopanoyo, mpaka ndinaizula n'kupukuta mano ake ndi kansalu. Sipanali vuto pamenepo ayi. Pa 32-bit, pulogalamu iliyonse imaona ma adiresi a memori okwana 4 GB basi, ndipo XP imatengapo theka kukhala lake. Pulogalamu imatsala ndi 2 GB, kaya RAM mwaika yochuluka bwanji.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti ngakhale 2 GB imeneyo simungaipeze yonse. HotSpot, injini yoyendetsa mapulogalamu a Java, imafuna kuti heap ikhale malo amodzi osadukiza. Zili ngati kufuna kuyala mphasa yaikulu m'chipinda momwe muli mtondo apa, ndowa apo: malo alipo ndithu, koma mphasa siyalika. Mtondo ndi ndowazo ndi ma DLL, mafayilo a khodi othandizira omwe Windows imalowetsa mu memori ya pulogalamu. Nditatsegula VMMap, chida choonetsa momwe memori ya pulogalamu yagawidwira, ndinawaona ndi maso, atamwazikana, ndipo limodzi la antivayirasi linali litakhala penipeni pa malo aakulu opanda kanthu. Nditachotsa antivayirasiyo (makinawa sindiwalumikiza pa intaneti, poti XP inasiya kulandira zigamba mu 2014), heap inakwera kufika 1500m. Oracle nayo imanena kuti pa Windows ya 32-bit malire amakhala pakati pa 1.4 GB ndi 1.6 GB, choncho ndafika pomwe ambiri amathera.

Ndinayesanso kuika /3GB mu boot.ini, fayilo yomwe XP imawerenga poyaka, kuti pulogalamu izipatsidwa 3 GB m'malo mwa 2 GB. Sindinapindule kanthu, chifukwa ma DLL a Windows amakhala cha kumapeto kwa 2 GB yoyamba, ndipo malo owonjezerawo amakhala kuseri kwawo. Ndinabwezera momwe zinalili.

Makinawa ndimawakonda, ndipo sindikufuna kuchotsamo XP. Sabata yamawa ndigawa hadi disiki kuti ndiikeko Linux ya 32-bit pambali, poti kumeneko pulogalamu imapatsidwa 3 GB. Ndikufuna ndione -Xmx2048m ikudzuka pa bokosi lomweli.