Ngalande ya mumsewu si dzala ayi

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi a mu ngalande amakasefedwa kaye kwinakwake, ayi ndithu, m'matauni ambiri mapaipi a madzi a mvula ndi osiyana ndi a suweji, amangolunjika kumtsinje basi. Ndiye munthu akakhuthuliramo oyilo wakutha wa galimoto, penti, kaya madzi a simenti otsukira wilibala, zonsezo zimakathera kuli nsomba.

Nchifukwa chake makhonsolo amaletsa. Ku America lamulo loteteza madzi la Clean Water Act la 1972 analiwonjezera mu 1987 kuti likhudzenso madzi a mvula, ndipo malamulo a 1990 anakakamiza mizinda ya anthu 100,000 kapena kuposa kutenga chilolezo chotulutsira madzi a mu ngalande kumitsinje komanso kusaka otayira zoipa mu ngalande.

Koma kasakidwe kake nkochenjera bwanji! Akhonsolo amapita pomwe paipi imatulukira nthawi yoti mvula sinagwe masiku angapo, akapeza madzi akuyendabe, mwina athovu kapena onunkha, basi amaganizira kuti wina walumikiza paipi ya zonyansa ku ngalande mozemba. Kenako amathira utoto mchimbudzi cha nyumba yomwe akuikayikira nkumadikira ngati utulukire mu ngalande. Ukatuluka mwini nyumba amauzidwa kukonza paipiyo, akachita makani chindapusa chimamupeza.