Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chimene amayi sindinawauze

Tinalekezera pamene ananditsekera pa rimandi mu 2011, ndili ndi zaka 19.

Chakudya chinali kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo. Khoti lalikulu linali litagamula kale mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, kuti kuthithikana kwa m'ndende n'kuphwanya ufulu wa akaidi, koma ife tinkagonabe shamba, kukhala tsonga usiku wonse, mawondo pachifuwa. Ndiye mkaidi wina wachikulire wa kukhitchini atayamba kundipatsa nsima yapadera, sopo ndi malo kukhoma, ndinati ndapeza malume. "Mphwanga usadandaule, ndikusamala ndine." Ngongoleyo anadzaitenga usiku, zitseko atatseka. Ena anamva ndithu. Palibe anatsokomola.

Kutacha, dzina langa linasanduka "mkazi wa uje". Ndikanakadandaula kwa yani? Nyapala, mkaidi woyang'anira akaidi anzake, ankadya mbale imodzi ndi mkuluyo. Komanso lamulo la nthawi imeneyo linkati wogwiriridwa ndi mkazi kapena mtsikana basi, pomwe kugonana amuna okhaokha chilango chake chinkafika zaka 14. Ndinkaopa kuti ndikayankhula, mlandu ugwera ine ndemwe. Amayi atabwera kudzandiona anafunsa, "Mwanangu, maso akowa bwanji?" Ndinati ndi njala.

Anthu amaganiza kuti ukatuluka pachipata zatha. Ayi. Kunyumba ndinkagona chovala, msana utatsamira khoma. Fungo la sopo wochapira wamtundu uja linkandichititsa nseru. Choposa zonse chinali funso londidya mkati: kodi ndidakali mwamuna? Ndinkadziimba mlandu kuti nsima ija ndinalandira ndi manja anga, ngati kuti mwana wanjala angakane chakudya. Kukayezetsa magazi ndinkazengereza, poopa kuti adokotala afunsa mmene zinakhalira. Kachasu ndiye ankandigonetsa tulo.

Nditakwatira, mkazi wanga akandikhudza ndili m'tulo ndinkadzambatuka, nkhonya nditakunga. Iye anaganiza kuti ndili ndi chibwenzi kwina, mpaka anaitana ankhoswe. Tinakhala pamphasa, malume anga enieni akundifunsa kuti, "Tanena, mkaziyu wakulakwira chiyani?" Sanandilakwire kanthu. Koma pamudzi pathu mwamuna wonena kuti anagwiriridwa amasekedwa, ndipo ndinkadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyo ikhala ili pachitsime. Ndinapepesa mlandu wa chibwenzi chimene kunalibe, ankhoswe n'kubalalika atakhutira kuti banja alikonza.