Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Filimu Imene Ndinainyoza

M'gawo lapitali ndinakusiyani bambo atangotisiya kumene, amayi atabwera kudzakhala kwa ine. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka zitatu ndikulemba ndemanga za mafilimu m'nyuzipepala ina sabata iliyonse. Mphunzitsi wanga wa mumtima anali Roger Ebert, wopenda mafilimu wa ku America amene analemba m'nyuzipepala ya Chicago Sun-Times kuyambira 1967 mpaka pamene anamwalira mu 2013. Iyeyu ndiye anali woyamba mwa openda mafilimu kulandira mphoto ya Pulitzer, mu 1975. Zolemba zake ndinkaziwerenga mpaka usiku kwambiri.

Mwezi womwewo mkonzi anandipatsa filimu yachikondi, ija yosakaniza nthabwala ndi misozi. Nkhani yake simungaisowe: mtsikana amene anathawira mumzinda waukulu akubwerera m'katawuni komwe anakulira, akumana ndi mnyamata amene anamusiya kalekale, akangana, aseka, asiyananso, kenako abwererana. Ndinaionera kamodzi, cholembera chili m'manja. Ndinalemba kuti mathero ake ndinawadziwa pasanathe mphindi 15, ndiponso kuti mbali ya bambo a mtsikanayo, mkulu amene mkazi wake anamwalira, inkangochedwetsa nkhani. Openda anzanga ambiri ananena zomwezo.

Oonera anaikonda kwambiri. Makalata anafika kwa mkonzi, ena aukali ndithu, ondifunsa ngati ndinakondapo munthu m'moyo wanga. Ine ndinali ndi mayankho okonzeka. Ndinkafotokoza kuti CinemaScore, kampani ya ku America imene imapereka kwa mafilimu magiredi kuyambira A+ mpaka F, imafunsa anthu amene apita kukaonera tsiku loyamba, ndipo amenewo amakhala atasankha kale filimu ya kumtima kwawo. Ndinkafotokozanso za Rotten Tomatoes, webusaiti yosonkhanitsa ndemanga za openda mafilimu imene inayamba mu 1998: ndemanga iliyonse imaikidwa kumbali yoyamikira kapena yotsutsa, ndipo filimu imatchedwa yabwino oyamikira akafika 60 pa 100 alionse. Zonsezo n'zoona, ndipo mpaka lero ndimazinena. Wopenda waona mafilimu mazanamazana a mtundu umenewu, choncho njira yake amaiona ali patali.

Amayi ndemanga yanga sanaiwerenge, koma filimuyo anaipeza pa kompyuta yanga. Ndikabwera kuntchito ndinkawapeza akuionera, mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lina ndinaima pakhomo osawasokoneza. Ndinaona kuti pamene achinyamata aja akupsompsonana iwo samasamala n'komwe. Amaweramira kutsogolo pamalo amodzi okha: pamene mkulu uja akutulutsa mipando iwiri pakhonde madzulo, akhala pa umodzi, kenako mdima utagwa abweza yonse iwiri m'nyumba. Palibe mawu, palibe nyimbo. Mbali yomweyo ndi imene ndinalemba kuti aichotse.

"Amayi, simunatope nayo?" ndinafunsa.

"Iwe umaonera kuti ugwire wolakwa," anatero osandiyang'ana. "Amene anapanga zimenezi anaferedwapo. Waona mmene akunyamulira mpando wachiwiriwo? Sakuukoka pansi ayi."

Ndinakhala pansi pambali pawo. Zinali zoona: mpando wake ankaukoka ndi dzanja limodzi, koma wa mkazi wake ankaunyamula ndi manja awiri. Ine amene ndinkadzitcha wa maso akuthwa sindinazione, chifukwa nthawi imeneyo mutu wanga unali pansi, ndikulemba chiganizo chonyoza. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amayi anali atangotaya munthu amene anakhala naye zaka zoposa makumi atatu, ndipo m'filimu imene ine ndinaona njira yakale yodziwika, iwo anaona madzulo awo.

Sindinasinthe maganizo pa zonse. Nthabwala zina zinali zofooka, ndipo mnyamata uja sanalembedwe bwino, ankangomwetulira n'kudikira. Koma chimene chinandipweteka n'chakuti Ebert yemweyo ankaphunzitsa kuti chofunika si nkhani imene filimu ikukamba, koma mmene ikuikambira, ndipo ine ndinaweruza nkhaniyo osayang'ana kakambidwe kake. Makalata aukali aja ndinawatulutsanso m'diloo. Ambiri mwa olembawo sankatchula achinyamatawo konse. Wina ankanena za bambo ake, wina za tawuni imene anaisiya ali mwana osabwererakonso.

Ndinapempha mkonzi malo oti ndilembenso za filimuyo. Anandipatsa kadanga kakang'ono pansi pa tsamba, ndipo ndinalemba za mipando ija basi. Usiku umenewo ndinawawerengera amayi mokweza. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukuta magalasi awo ndi nsonga ya malaya.

"Bweza pang'ono pamene paja," anatero, akuloza kompyuta. "Pali chinanso chimene sunaone."